Nyanga M'munda wa Mpesa

Kwathu munthu akapezeka akukwirira nyanga m'munda dzuwa litapendeka, nkhani yake sithera m'mundamo. Kukamacha imakhala ili kale pabwalo la amfumu, ndipo ngakhale mwini wakeyo alumbire kuti amangotsirika mbewu zake kuopa akuba, anthu amayamba kuyang'ana nkhokwe yake ndi diso lina, n'kumanong'onezana kuti chimanga chonsechi sichingakhale cha thukuta la munthu mmodzi. Ndinakula ndi mantha amenewo. Anagona mwa ine zaka zambiri, n'kudzadzuka tsiku lina ndili pa chitunda choyang'anizana ndi nyanja ya Wanaka, pa chilumba chakumwera cha New Zealand, tambula ya vinyo wofiira ili m'manja. Apo m'pamene ndinamva kuti mphesa zake zimalimidwa m'njira imene mwa zina imafuna kuti ndowe za ng'ombe zigone m'nyanga, pansi pa nthaka, nyengo yonse yozizira. Famuyo ndi Rippon, ya banja la a Mills, yokhala ndi mahekitala pafupifupi 15 a mipesa otsetserekera kunyanja. Palibe amene ankanong'ona. Njirayo amaitchula poyera kuti biodynamic, ndipo alendo ochokera kutali amamvetsera akugwedeza mitu, kenako n'kugula mabotolo. Vinyoyo ndinamwa, ndipo anali wokoma ndithu, koma funso linanditsalira pakhosi: nanga bwanji nyanga ya kuno ikulemekezedwa, pamene ya kwathu imathamangitsitsa munthu pamudzi? Kunsi kwa funso limenelo kunabisala lina lovuta kuposa, loti mwina kukoma kumene ndinkamva pa lilime kunachokeradi ku nyangayo.

Pa famu ina yaing'ono ya m'dera lomwelo, yotsatira njira yomweyi, ndinaona ntchitoyo ndi maso anga. Nyanga zimene anakwirira kukuyamba kuzizira anali atazifukula kukuyamba kufunda, ndipo mayi wina wa pafamupo anagogoda imodzi pa thabwa. Chimene chinatuluka sichinalinso ndowe. Chinali chakuda bii, chonyowerera, chofumbutuka pakati pa zala, ndipo chinkanunkhira dothi la pansi pa mitengo mvula itangokata. Mayiyo anatapa kadzanja kamodzi kokha n'kuponya mumgolo wa madzi ofunda pang'ono, n'kuyamba kuvundula ndi ndodo yaitali. Ankazunguza madziwo mbali imodzi mpaka pakati papangika dzenje lofika pafupi ndi pansi pa mgolo, kenako mwadzidzidzi n'kubweza ndodoyo. Madzi ankawinduka, kuchita thovu, kugundana okhaokha, n'kuyambanso kuzungulira mbali inayo. Anachita zimenezo ola lathunthu, foni ili m'thumba, macheza ali ochepa. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa anagawa madziwo m'ndowa, ndipo aliyense anatenga burashi n'kulowa m'mizere ya mipesa, kuwaza madontho akuluakulu uku ndi uku. Mankhwala amenewa amawaitana ndi nambala, amati 500. Palinso 501, ufa wa mwala wa quartz umene nawonso umagona m'nyanga koma m'nyengo yotentha, ndipo amaupopera pa masamba m'mamawa. Ena ndi a zitsamba ndi makungwa, oika mumulu wa kompositi. Ndikuyang'ana kadzanja kaja kakusungunuka m'madzi ochuluka chonchija, mutu wanga unkakana. Ngati n'chakudya cha mbewu, n'chochepa kwambiri moti sichingatchedwe manyowa. Eni akenso sanena kuti ndi manyowa. Amati n'chodzutsa moyo wa m'nthaka.

Anayambitsa zonsezi ndi Rudolf Steiner, munthu wa ku Austria amene sanali mlimi n'komwe. Mu Juni 1924, pa esiteti ya Koberwitz, malo amene lero ali m'dziko la Poland, iye anaphunzitsa maphunziro 8 kwa alimi amene ankadandaula kuti chiyambire feteleza wa m'fakitale, nthaka ndi mbewu zawo zikufooka. Anawauza kuti famu aziiona ngati thupi limodzi lamoyo, lodzidyetsa lokha: ng'ombe idye udzu wa pomwepo, ndowe zake zibwerere m'nthaka yomweyo, zogula kunja zichepe. Anawonjezapo za mphamvu za mwezi ndi nyenyezi, ndipo pambuyo pake mayi wina wa ku Germany, Maria Thun, anakonza kalendala yogawa masiku kukhala a mizu, a masamba, a maluwa ndi a zipatso. Chizindikiro cha Demeter, chimene chimaikidwa pa zokolola za alimi otere akayenderedwa ndi kuvomerezedwa, chilipo kuyambira 1928. Gawo loyambalo, la ng'ombe ndi ndowe, sindivutika nalo. Gawo la nyenyezi ndi limene limandiimitsa. Ku Therwil, pafupi ndi mzinda wa Basel ku Switzerland, akatswiri akhala akuyerekeza ulimi wa biodynamic, ulimi wa manyowa wamba ndi ulimi wa feteleza ndi mankhwala kuyambira 1978, pa mbewu monga tirigu ndi mbatatesi. Zimene anasindikiza m'magazini ya Science mu 2002 zinaonetsa kuti minda yopanda feteleza wa m'fakitale inali ndi nyongolotsi ndi tizamoyo tambiri m'nthaka, dothi lake linali logwirana bwino, koma zokolola zinatsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Ndawerenga zimenezo mobwerezabwereza ndikufunafuna nyanga, ndipo sindiipeza payokha. Imabwera nthawi zonse limodzi ndi kompositi wabwino, kasinthasintha wa mbewu ndi kuleka mankhwala opha tizilombo, moti n'kovuta kuloza chimene chagwira ntchito.

Komabe ola lija silichoka m'maganizo mwanga, ndipo chimene chimabwerabwera si mgolo ayi, ndi anthu aja ali m'mizere. Mmodzi anaima n'kugwada, kupatula udzu ndi dzanja kuti aone chinyezi. Wina anatembenuza tsamba limene linali ndi kabanga, naitana mnzake kuti adzaone. Wina anapeza waya womasuka n'kuumanga pomwepo. Thalakitala ikanadutsa m'mundawo kanthawi kochepa, koma thalakitala siigwada. Ndayamba kuganiza kuti mwina mphamvu ya mwambowu ili pa zimene umachita kwa mlimi: umamutulutsa m'nyumba pa tsiku loikika, umamuyendetsa wapansi mzere ndi mzere, umamuphunzitsa kudekha kumene akuluakulu amati n'kumene kumaonetsa maso a nkhono. Ndikafika apa ndimakumbukira agogo anga aakazi. Iwo analibe kalendala yosindikizidwa, koma minda yawo inali ndi mayina: wa kuchulu, wa kudambo, wa pamsuku. Mtedza wa pamsuku sankausakaniza ndi wina, ankati ndi wonona chifukwa dothi lake ndi la mchenga, ndipo ankatha kutafuna kambewu kamodzi n'kunena kumene kachokera. Nyemba za kudambo ankati zimapsa msanga mumphika. Ankadziwa pamene madzi amaima mvula ikachuluka, ndi pamene kaufiti amayambira chaka chilichonse. Palibe mlangizi amene analemba zimenezo, ndipo pamene thumba la feteleza linabwera ndi muyeso umodzi wa minda yonse, nzeru zija zinayamba kuoneka ngati zachikale. Agogo anapita nazo kumanda. Lero ndikapita kumudzi sinditha kuloza pamene munda wa kuchulu unkathera, chifukwa chulucho anachigumula n'kuumba njerwa.

N'chifukwa chake mayina a pa mabotolo a ku Rippon anandigwira mtima kuposa nkhani ya nyanga. Pali Tinker's Field, kachigawo ka mipesa yakale kwambiri pafamupo, kotchedwa ndi dzina loseweretsa la Rolfe Mills amene anaibzala. Pali Emma's Block, kumunsi m'mphepete mwa nyanja, kotchedwa dzina la Emma Rippon, mmodzi mwa makolo akale a banjali, amene famu yonse inatenganso dzina lake. Mphesa ndi ya mtundu umodzi, Pinot Noir. Olima ndi omwewo, opanga ndi omwewo, ndipo kuchoka pa chigawo china kufika pa chinzake ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi. Koma atandithirira mavinyo awiriwo m'matambula awiri, ngakhale ine amene sindine katswiri ndinamva kuti si amodzi. Wa kunyanja anali wofewa, wotsetsereka pa lilime, wonunkhira zipatso zofiira. Wa kumtunda anali wolimba, wa khambi logwira m'kamwa, lotsalira ngakhale utameza. Ndinatola kamwala m'mphepete mwa njira, mwala wa schist wa m'mapiri amenewo, wotuwa, wonyezimira pang'ono, wosendeka m'timapepala ukaukanda ndi chikhadabo. Kumtunda mizu imalowa m'miyala yotere. Kumunsi miyalayo yasakanikirana ndi mitsitsi ya dongo losunga madzi. Kusiyana kwake n'komweko, ndipo banjali linasankha kuti lisakufafanize. Limapangansotu vinyo wosakaniza mipesa yonse yokhwima ya pafamupo, pofuna kuti famu yonse imveke pamodzi, ndiye kusakaniza pakokha si tchimo. Chimene chinandikhudza n'chakuti anthuwa amadziwa zimene akusakaniza, ndiponso zimene siziyenera kusakanizidwa.

Kulemba dzina la munda pa botolo n'kudzimanga. Central Otago, dera limene Wanaka ali, lili pafupi ndi madigiri 45 kumwera, m'gulu la madera akumwera kwenikweni olimidwa mphesa padziko lapansi. Kuzizirako ndi dalitso komanso chiopsezo. Usiku wozizira umachedwetsa mphesa kupsa, ndiye zimafika pa nthawi yothyola, cha mu Marichi ndi Epulo, zisanataye kuwawasa kumene kumapatsa vinyo moyo. Koma chisanu cha usiku umodzi mu Okutobala chitha kupsereza mphukira zonse, moti alimi ena a m'derali amaimika makina okupiza mphepo kapena kuitana helikopita kuti itsitse mpweya wofunda pa mipesa m'bandakucha. Ku Rippon nyanja imathandiza posunga kutentha, ndipo kachilumba ka Ruby Island kamachepetsako mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo, koma chaka choipa chimabwerabe. Kampani yaikulu ikakumana ndi chaka chotere imagula mphesa kwina n'kusakaniza, ndipo womwa sazindikira kanthu. Ndi mmenenso tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amathera: akagulitsidwa pa okushoni ku Limbe amakasakanizidwa kunja ndi wa mayiko ena, dzina la phiri n'kutayika m'paketi. Munda wotchulidwa dzina ulibe kothawira. Ukapsa ndi chisanu, botolo lake limachepa kapena silituluka. Ndipo banjali linawonjezera dala zodzimanga zina. Mipesa yokhwima saithirira, kuti mizu izitsika yokha kukafuna madzi. Yambiri yakale ili pa mizu yakeyake, yosamezanitsidwa, ngakhale kuti kachilombo ka phylloxera, kamene kanawononga minda ya mpesa ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, kamapha mipesa yotereyi ndipo kanafika kale m'derali. Nthawi zina ndimati kumeneku n'kulimba mtima, nthawi zina ndimati n'kuika moyo wa banja pachiswe, ndipo sindinathe kusankha.

Apa m'pamene mtima wanga umabwerera m'mbuyo, chifukwa nambala ija ya 20 peresenti siinditaya. Kwa munthu wogulitsa vinyo wa mtengo wapatali, kukolola zochepa si tsoka. Kawirikawiri amachita kuthothola dala mphesa zina zisanapse kuti zotsalazo zikome, ndipo mtengo wa botolo umabweza zonse. Kwa mayi wolima chimanga pa ekala imodzi, kuchotsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndiye kuti ufa utha mu Januwale m'malo mwa Marichi. Sindingaime pa chitunda cha ku Wanaka, tambula m'manja, n'kumauza munthu ameneyo kuti ataye feteleza akafune nyanga. Ambiri alibe ndi ng'ombe yomwe. Ulimi woyenda wapansi mzere ndi mzere umadya nthawi ndi manja ambiri, ndipo wina amayenera kulipira. Ku Rippon amalipira ndi anthu a m'mizinda ikuluikulu amene ali ndi ndalama zoti agulire kukoma kwa malo. Chimandiwawa ndithu kuona kuti kudziwa munda wako mwakuya, kumene agogo ankachita chifukwa cha umphawi, lero kwasanduka chinthu chapamwamba chimene olemera okha ndi amene angachikwanitse. Koma kuwawako sikusandutsa ntchito ya banja la a Mills kukhala yabodza. Nthaka yawo ndi yamoyo, ndinaigwira. Vuto si lakuti iwo akulakwitsa, koma lakuti njira yochitira bwino yatsekeka kwa ambiri.

Ndikalingalira mofatsa, chuma chenicheni cha banjali ndi nthawi. Percy Sargood anagula malo a Wanaka Station mu 1912. Mdzukulu wake Rolfe Mills, amene ali mnyamata anaona mipesa ikukula pa miyala ya schist m'chigwa cha Douro ku Portugal n'kukumbukira mapiri a kwawo, anayamba kubzala mipesa yoyesera ndi mkazi wake Lois mu 1975, pa nthawi imene ambiri ankati kumeneko n'kozizira kwambiri moti mphesa sizingapse. Munda woyamba wa malonda anaubzala mu 1982, ndipo vinyo woyamba wogulitsa ndi wa 1989. Rolfe anamwalira mu 2000. Mwana wake Nick, atakhala zaka zingapo akuphunzira ntchitoyi ku Burgundy m'dziko la France, anabwerera mu 2002, ndipo posakhalitsa famu inatembenukira ku njira ya biodynamic. Mpaka lero mphesa za mipesa yaing'ono saziphatikiza ndi za ikuluikulu. Amazipangira vinyo wakewake wotchedwa Jeunesse, kufikira mizu yake itazama. Ndiye kuti bambo anabzala zimene kukoma kwake kwenikweni anadzalawa ndi ana. Munthu sachita zotere ngati sakudziwa kuti adzakhalapobe, kapena kuti magazi ake adzakhalapo. Ndipo ngakhale apa pali mthunzi umene sindingaudumphe. Asanafike azungu, dera la Wanaka linali la Amaori a fuko la Ngāi Tahu, amene ankabwera kudzagwira nsomba ndi mbalame ndi kudutsa popita kukafuna mwala wa pounamu kugombe lakumadzulo. Dziko lalikulu la pachilumbapo linachoka m'manja mwawo ndi pangano la Kemp la 1848, pa mtengo wochepa ndi malonjezo amene sanasungidwe, ndipo boma linadzavomereza kulakwa kwake ndi kupepesa m'lamulo la 1998. Iwonso anali ndi mayina a malo aliwonse, ankadziwa dziwe lililonse. Kukhazikika kwa ena kunayamba pamene kukhazikika kwa anzawo kunadulidwa. Sindinena izi poloza chala banja limodzi limene linabwera zitachitika kale, koma chifukwa chakuti aliyense wokonda nkhani ya munthu ndi nthaka yake ayenera kufunsa kuti ndani analoledwa kukhala, ndani anasamutsidwa.

Funso limenelo landibweretsa pa munda wa amalume anga, umene uli moyandikana ndi malo akale a agogo. Amalume akalamba, mawondo sakuwalolanso kugwira khasu, ndipo ana awo ali m'tauni. Chaka chilichonse amabwereketsa mundawo kwa amene wabwera ndi ndalama msanga, chaka chino uyu, chaka chamawa wina. Wobwerekayo amathira feteleza woti agwire ntchito nyengo yomweyo, amakolola, amawotcha mapesi n'kumapita. Sathira manyowa, sabzala nandolo kapena mtengo wa nsangu, sakonza ngalande pamene madzi akukumba, ndipo sindingamuimbe mlandu: phindu la zimenezo limabwera mochedwa, adzadya ndi wina. Dothi likuyera chaka ndi chaka, ndipo palibe amene amakhalapo nthawi yokwanira kuti aone. Nthaka imeneyo siisowa mankhwala achilendo, imasowa munthu woti aidziwe. Ndaganiza zoti ndikapita mvula isanagwe ndikakhale nawo pansi amalume, ndiwapemphe kuti apatse mundawo munthu mmodzi kwa zaka zingapo zotsatizana, pa mtengo wotsikirapo, pogwirizana kuti mapesi azikwiriridwa ndipo manyowa a m'khola la mbuzi azipita kumunda. Ndikudziwa chimene adzayankhe poyamba: "Mphwanga, ndalama ya lendi ndi imene ikulipirira mdzukulu wanga sukulu, ukufuna ndiichepetse?" Adzakhala akunena zoona. Ngati ndikufunadi kuti mundawo upeze munthu wouyenda wapansi, ndalama yotsalayo iyenera kuchoka m'thumba mwanga, chaka ndi chaka, kwa nthawi yaitali kuposa imene ndazolowera kulonjeza chilichonse.